Musiyeni mwana asewere ndi Chichewa chake

Ndakwiya, ndipo sindibisa. Dzulo usiku pagulu lathu la WhatsApp la anthu akumudzi kwathu, mwana wa achemwali anga, mtsikana wa Fomu 3, anaponyapo timatanthauzo take toseketsa. Anati malipiro ndi mlendo amene amafika pa 27 n'kutsanzika pa 29 asanamwe ndi madzi omwe. Anati "ndikubwera" ndi mawu amene munthu amayankhula akadali m'bafa, sopo ali kumaso. Mawa, ndi tsiku limene telala amamaliza kusoka diresi. Komiti, ndi anthu amene amakumana kuti agwirizane tsiku lokumananso. Atatero anayamba kuumba mawu akeake. Munthu wofika pakhomo pa eni, moni asanapereke n'kuyamba kufunsa soketi, anamutcha nachitchaja. Wogona pa filling station kudikira mafuta, mgonapamzere. Uja amangotulukira mthiko ukalowa mumphika, kalondamthiko. Uja sajomba pamaliro koma kumanda safika, amathera kumene kuli miphika, chidyamaliro.

Tinaseka mpaka nthiti kuwawa. Ena anayamba kutchulana, eti kalondamthiko wa kwathu tikumudziwa tonse. Kenaka kunabwera ahedi ena opuma pantchito, amenenso ndi admin wa gululo, n'kufufuta zonse. M'malo mwake anaikapo ndime yaitali: ana a masiku ano mukuwononga chiyankhulo, mawu amenewa mulibe m'dikishonale, Chichewa si choseweretsa. Mwana anapepesa, n'kutuluka pagulu.

Anapepesa chiyani? Walakwira ndani?

Ahedi, ulemu wanu ndikukupatsani wonse, munaphunzitsa anthu ambiri kuwerenga ndipo ena mwa iwo ndife. Koma apa mwaphonya. Mwana uja sanawononge Chichewa. Wachita zimene eni Chichewa akhala akuchita kuyambira kalekale, ndipo mawu ambiri amene inuyo mumawatchula mutavala tayi anabadwa chimodzimodzi, pakamwa pa munthu amene ankafuna kuseketsa anzake.

Tiyambe ndi mpondamatiki. Liwu limeneli mumalikonda, munkatipatsa mamalikisi tikaliika m'chimangirizo. Munayamba mwaliyang'anitsitsa? Munthu woponda matiki! Tiki kanali kandalama ka mapeni atatu ka nthawi ya atsamunda, kwacha isanabwere mu 1971. Winawake anaona munthu wolemera n'kunena kuti uyu ndalama zamuchulukira mpaka akuziponda ndi mapazi. Imeneyo si nthabwala? Tiki anatha kalekale, ana a lero sanamuonepo, koma nthabwala ija ikadalipo, yavala jekete, yalowa m'mayeso a MSCE. Mthirakuwiri bwanji? Chidyamakanda bwanji, amene manyuzipepala amamulemba pamutu wa nkhani popanda wodandaula? Kaumbidwe kake n'kofanana ndendende ndi chidyamaliro wa mwana uja: mphatikiram'mbuyo, mneni, dzina, basi. Mtsikana wa Fomu 3 watsata malamulo a chiyankhulo bwinobwino, kuposa zikwangwani zambiri zimene timaziona m'misewu, ndiye inu mukuti wawononga.

Tsobola wakale sawawa, anatero akuluakulu. Nthabwala ikakalamba mumaitcha Chichewa chenicheni. Ikakhala ya dzulo mumaitcha chibwana. Kusiyana kwake n'komweko, palibenso china.

Pitani ku Blantyre mukafunse kuti Mandala ndi kuti. Aliyense akulozerani. Dzina limeneli linachokera kuti? John Moir, mmodzi mwa abale awiri amene ankayendetsa kampani ya African Lakes, ankavala magalasi a m'maso, anthu n'kumutcha Mandala chifukwa cha kunyezimira kwa magalasiwo. Dzina loseleula mzungu linagwira munthu, linagwira kampani, linagwira nyumba ija inamangidwa mu 1882 imene ikadaimabe mpaka lero, linagwira dera lonse. Pakanakhala admin nthawi imeneyo bwenzi atafufuta, eti musamatchule bwana maina achipongwe.

Agogo athu opita ku migodi anatenga zilembo za Chingerezi za mabungwe olemba anthu ntchito n'kuzipinda mpaka zinakhala Wenela ndi Theba. Johannesburg anamudula n'kukhala Joni. Amene anapita osabwerako anawatcha matchona. Palibe komiti imene inakhala pansi kuvomereza mawu amenewa, ndipo ikanakhala pansi, malinga ndi tanthauzo la mwana uja, bwenzi mpaka lero ikugwirizanabe tsiku lokumananso.

Kaunjika munamupeza m'buku liti? Anthu anaona zovala zitaunjikidwa pansi pamsika n'kupereka dzina, lero ndi liwu limene aliyense amalidziwa, ngakhale nduna imalitchula. Kathumba ka ufa kokwana nsima ya tsiku limodzi anthu anakatcha wokumani, chifukwa umakanyamula m'manja ukuyenda ngati kawailesi ka Walkman kaja. Anzathu ku Lusaka kathumba komweko amakatcha pamela. Mvetserani bwino apa. Munthu alibe ndalama yogulira thumba la chimanga, ana akudikira kunyumba, koma wapezabe mphamvu yoseka umphawi wake n'kuupatsa dzina. Inu mukufuna mumulande ngakhale chimenecho? Atsale ndi chiyani?

Ndi zimene zikundipweteka kwambiri. Anthu amene amadana ndi masewera a mawu amaganiza kuti woseka sakuganiza. Bodza. Edzi itafika m'ma 1980, pamene m'maofesi ndi m'maguwa anthu ankachita manyazi kuitchula, anthu wamba anali ataipatsa kale maina: magawagawa, kaliwondewonde, matenda a boma. Ena mwa mainawo anali ankhanza kwa odwala, sindikana, koma ndi amene anayamba kutsegula pakamwa pa anthu. Liwu limodzi loti magawagawa linafotokoza mmene matendawa amayendera mwachidule kuposa chikalata cha masamba khumi. Mu 2011 mafuta atasowa, magalimoto atandanda usiku ndi usana, anthu anatenga zilembo za chipani cholamula cha DPP n'kuzipatsa tanthauzo latsopano: Dizilo Petulo Palibe. Mawu atatu, dziko lonse linamva. Ndipo musaganize kuti ndi chipani chimodzi chokha chimene chinalawa zimenezi. Mu 2024 ngakhale maepiskopi a Katolika analemba m'kalata yawo kuti m'malo mofika ku dziko lamalonjezo tafikira ku Bagamoyo, ndipo kuyambira pamenepo Bagamoyo anasiya kukhala tauni chabe ya m'mbali mwa nyanja ku Tanzania, anasanduka dzina la mavuto athu. Maepiskopi akatero mumaombera m'manja, eti nzeru zakuya. Mwana wasukulu akatero mumafufuta.

Wamisala anaona nkhondo. Amene mukumuyesa woseweretsa ndi amene akukuuzani zoona. Mwana akanena kuti malipiro ndi mlendo wa masiku awiri, akunena zimene amaziona kwa mayi ake mwezi ndi mwezi. Akanena mgonapamzere, ndiye kuti anaona malume ake akunyamula bulangeti kupita kukagona m'galimoto. Sanapeke kanthu. Wangoika dzina pa chinthu chimene tonse tikuchidziwa koma tinalibe pochigwirira.

Mwina vuto n'loti ambiri a inu munakulira m'nthawi ya Chichewa Board, ija inakhazikitsidwa mu 1972, pamene pawailesi ya MBC ankatiuza liwu lolondola ndi lolakwika ndipo wotsutsa kunalibe. Chabwino. Koma bungwe limenelo linatha m'ma 1990, ntchito inapita ku Centre for Language Studies ku Zomba. Inu amene mwatsala mukulondera chipata, anakulembani ntchito ndani?

Ndipo musandiuze za chikhalidwe, chifukwa chikhalidwe chili mbali ya mwana uja. Kwathu msuweni amakutcha dzina lililonse limene wafuna, iwe osakwiya. Pamaliro penipeni, pamene anthu akulira, adzukulu amaseleula anamfedwa ndipo palibe amene amawathamangitsa. Gule Wamkulu, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005, anatenga maina a m'tchalitchi n'kutulutsa Simoni wa nkhope yofiira ndi Maliya, bwalo lonse n'kumafa ndi phwete. Usiku pamoto tinkaponyerana zilapi, ndipo chilapi n'chiyani ngati si kutenga chinthu chodziwika n'kuchitchula mokhotetsa? Nyumba yopanda khomo, ndiye dzira. Pamenepo agogo sankati mukuwononga tanthauzo la nyumba. Ankati wakhoza, ponya china. Lero mwana waponya chilapi chake pafoni m'malo mwa pamoto, mwati ndi mwano.

Chiyankhulo si mbale za alendo zotsekera m'kabati kudikira Khirisimasi. N'chodyera tsiku ndi tsiku. Chimene ana saseweretsa, ana amachisiya. Ndipo akuchisiyadi, tisanamizane. Pitani m'masukulu ena a pulaiveti m'tauni muone mwana akulangidwa chifukwa wayankhula Chichewa pabwalo. Pitani m'makomo ena ku Area 47 kapena ku Namiwawa mumve makolo akunyadira kuti mwana wawo Chichewa sachimva, ngati kuti ndi digiri. Amenewo simuwalembera ndime zazitali. Amenewo mumawapatsa mpando wapatsogolo paukwati. Koma mtsikana amene wakhala pansi, foni ili m'manja, intaneti yonse ya Chingerezi ili pamaso pake, n'kusankha kuseka m'chiyankhulo cha amayi ake, ameneyo ndiye mdani wa Chichewa? Ayi ndithu, ndakana. Amene akupha Chichewa ndi amene akuphunzitsa ana kuti chiyankhulo chimenechi n'cha pamaliro ndi pamayeso basi, kuti ukafuna kuseka, kukopa mkazi kapena kuchenjera uyenera kusamukira ku Chingerezi.

Eti mulibe m'dikishonale. Dikishonale imabereka mawu? Imadikira anthu ayankhule, kenaka imabwera pambuyo kudzalemba. Kabaza anayamba kunyamula anthu dzina lake lisanalowe m'buku lililonse. Kufulasha, kutchaja, bando, mayunitsi, zonsezi inuyo ahedi mumazinena tsiku lililonse, ndakumvani ndi makutu angawa mukudandaula kuti bando yatha. Ndiye lamulo lanu limagwira ana okha? Mawu ena a mwana uja afa sabata yomweino, n'zoona, nthabwala zambiri zimafa msanga. Koma limodzi likhoza kukhala. Kalondamthiko ine ndalitenga kale, ndipo ndili ndi anthu angapo amene likuwakwana ngati anachita kuwayeza. Zaka makumi atatu zikubwerazi mwina mphunzitsi wina adzalilemba pabolodi, ana n'kumaliloweza, ndipo padzapezeka ahedi ena odzalitchinjiriza kuti ndi Chichewa cha makolo.

Achinyamata nanunso, musamangoti zii. Pagulu paja munalipo ambiri, munaseka nawo, koma zitafufutidwa palibe anatsegula pakamwa. Ulemu kwa akulu sikusiya mwana wa mnzako akunyozedwa pa chinthu chimene sanalakwe. Munthu umatha kunena mwaulemu kuti bambo, apa tiloleni tisiyane maganizo. Zimenezo si mwano.

Komanso poti tayamba za kupotoza matanthauzo, tiyeni tinene za akatswiri ake enieni, amene sachita moseka ndipo palibe amawafufuta. Thangata linali liwu labwino, kuthandizana pa ntchito pamudzi. Eni maesiteti a atsamunda analitenga n'kulisandutsa ntchito yokakamiza yolipirira malo okhala, mpaka linakhala chimodzi mwa zimene zinautsa mkwiyo wa John Chilembwe mu 1915. Kumeneko ndiye kuwononga liwu, osati nachitchaja. Ndipo khalidwe limenelo silinapite ndi atsamunda. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, koma akuluakulu ena sankafuna kunena kuti yagwa, ankati realignment, ngati kuti ndi matayala a galimoto. Mitengo ikakwera amati yasinthidwa. Munthu akachotsedwa ntchito amati wapumitsidwa. Mnyamata akatenga nkhuku ya eni ndi mbava, amamumanga manja n'kumuyendetsa pamsika, koma wa tayi akatenga mamiliyoni a mankhwala a m'chipatala amati ndalama sizinayende bwino, kapena zasokonekera, kapena zasowa. Zasowa! Ndalama zili ndi miyendo? Cashgate ya 2013 tinaiona tonse, ndalama zikupezeka m'mabuti a magalimoto ndi m'nyumba za anthu, koma mpaka lero pali anthu amene liwu loti kuba limawakanika kutuluka pakamwa akamanena za anzawo a m'maofesi. Chiphuphu chinasanduka "ya fanta". Wapampando akalephera ntchito amati pali zovuta zina ndi zina. Msewu wokumbika ngati munda wa mbatata amati uli m'mapulani. "Tikuunikabe" ndiye kuti iwalani. "Posachedwapa" ndiye kuti mwina adzukulu anu adzaona.

Dikishonale imeneyo analemba ndani, ndipo admin wake ali kuti?