Mabelo anga a ku Chinkhoma

Alembi, mwati munthu azilemba maloto ake akangodzuka kuti adzidziwe bwino. Poyamba ndinaseka, chifukwa kwathu kuno ku Kasungu ukalota njoka kapena nyama yaiwisi, agogo sachedwa kunena kuti wina wakulodza.

Komabe ndinayesa. Kope lakale la mwana wanga ndinaliika kumutu kwa mphasa, n'kumalemba ndisanapite kuchigafa. Maloto sachedwa kuthawa, ukangopatsana moni ndi munthu basi apita. Amene timakumbukira kwambiri ndi a m'bandakucha, paja tulo timayenda m'magawo a mphindi pafupifupi 90, ndipo gawo lolota limatalika kukamacha.

Loto lina linabwera katatu mwezi umodzi. Ndafika kumsika wa fodya ku Chinkhoma, atsegula mabelo anga, m'katimo muli makoko a mtedza okhaokha, anthu ali phwandu kuseka. Nditabwerera m'kope muja ndinaona kuti limabwera usiku wa tsiku limene ndakumana ndi bambo amene anandikongoza feteleza. Ngongole imeneyo ndinkawabisira mayi a kunyumba. Ndinawaululira madzulo tikudya nsima ya nkhwani. Anandinyanyalira masiku awiri, kenako tinagwirizana zogulitsa mbuzi ziwiri. Mabelo aja sindinawalotenso.