Ka QR code kanuko kakutifikitsa kuti?

Abale anga ochita bizinezi, nkhani iyi yandikhala pamtima kwa nthawi ndithu ndiye lero ndingoinena basi. Masiku ano paliponse ndikuona timabokosi ta QR code, tamadonthomadontho tija umasikana ndi kamera ya foni kuti tikutsegulire tsamba la pa intaneti, pa ma poster, pa ma flyer, pa mabotolo a juwisi, mpaka pa makadi a ukwati, ndipo ine zimandisangalatsa chifukwa zikusonyeza kuti anthu sakufuna kutsalira. Koma munthu akasikana kabokosi kanuko mukumufikitsa kuti?

Mwezi wathawu ndinalowa mu shopu ina ku Limbe kufuna makatani a pabalaza, pachitseko anamata kapepala kokongola bwino kolembedwa kuti sikanani apa muone katundu wathu yense. Ndinatulutsa foni, kusikana, osatsegula, kenako ndinakumbukira kuti bandulo yomwe ndili nayo ndi ya WhatsApp yokha. Ndinagula ina ya intaneti poti ndinali ndi chidwi, ndiye kunatseguka webusayiti yolemera koopsa, ikungozungulira, itatsegula inayamba kuseweretsa yokha vidiyo ya nyimbo ndi zithunzi za nyumba zakunja, ma MB anga akupita, mtengo wa katani olo umodzi panalibe. Zinandiwawa, osati chifukwa cha ndalama ya banduloyo ayi, koma poganiza kuti mwini shopu uja analipira munthu kuti amupangire zimenezo akukhulupirira kuti zimubweretsera makasitomala.

Paja kabokosi kameneka sikachilendo ngati mmene ena akuganizira. Kanapangidwa mu 1994 ku Japan ndi kampani ya Denso Wave, motsogozedwa ndi injiniya wina dzina lake Masahiro Hara, ndipo cholinga sichinali kutsatsa malonda, amafuna njira yolondolera zipangizo za galimoto mu fakitale poti barcode yakale ija, ya timizere timaiona pa katundu wa m'shopu, imasunga zinthu zochepa. QR yo ikuimira Quick Response, kutanthauza kuti kayankhe msanga. Timabokosi titatu mumationa m'makonamo ntchito yake ndi kuthandiza kamera kuti izindikire kodi kabokosika kaima bwanji, nchifukwa chake mutha kusikana foni itapendekeka, ndipo olo mbali ina itada pang'ono kamawerengekabe. Chinthu chonsecho anachipangira changu, ndiye ife tikumachitenga nkuchilumikiza ku tsamba loti munthu adikire mpaka atope, imeneyo sindiyimvetsa.

Ku China ngakhale wogulitsa zipatso m'mbali mwa msewu amalandira ndalama pa QR kudzera pa ma app olipirira pa foni a WeChat Pay kapena Alipay, ndipo maiko ambiri anazolowera kusikana nthawi ya Covid mu 2020 pomwe malesitilanti anasiya kupereka menyu ya pepala. Koma nawonso akuluakulu zimawaonekera, mu 2022 kampani ya Coinbase, yogulitsa ndalama za pa intaneti, inaika pa TV nthawi ya Super Bowl, fainolo yaikulu ya mpira wa ku America, ka QR kongoyendayenda pa sikirini pafupifupi mphindi yathunthu, anthu anasikana ambirimbiri mpaka app yawo inagwa. Anthu kubwera anabwera, kowalandirira nkomwe kunachepa.

Kwathu kuno tiyenera kuganiza za kasitomala wathu weniweni. Ambiri akadali ndi foni ya mabatani, ena ali ndi ka itel kapena Tecno koti kamera yake siisikana yokha mpaka udaunilode app ina, ena foni ndi yabwino koma bandulo ndi ya WhatsApp kapena Facebook basi. Ndiye chonde, pansi pa QR lembani nambala ya foni ndi malo omwe muli, zilembo zikuluzikulu. Ndipo QR yo ipite ku WhatsApp, komwe kuli anthu. WhatsApp Business ili nayo QR yake yaulere, munthu akasikana imangomutsegulira chat yanu, muthanso kuikiratu kameseji koti angodina send, katalogi ilimonso yoikamo zithunzi ndi mitengo. Simukufunika kulipira aliyense.

Mlamu wanga amaphika makeke kunyumba, ndipo ndi amene ananditsegula maso. Anasindikiza tima sitika ting'onoting'ono nkumamata pa katoni iliyonse ya keke, pamwamba QR, pansi nambala. Tsiku lina pa bridal shower ndinaona ndi maso angawa, keke atadula, katoni ili pambali pa tebulo yopakika kirimu, azimayi awiri akusikana kwinaku akutafuna, wina nkumufunsa mnzake kuti iwe yatsegula? Pamenepo mpomwe QR imagwira ntchito, munthu wakhala pansi, chinthu walawa, mtima ukufuna. Osati pa chikwangwani cha mu Masauko Chipembere Highway pomwe munthu ali mu minibasi yothamanga wapanikizika anayi pa mpando, adzatulutsa foni nthawi yanji?

China chomwe chimandidandaulitsa, kuika QR pa Status kapena mkati mwa vidiyo ya TikTok. Munthuyo akuonera pa foni yomweyo yomwe amayenera kusikanira, ndiye apange screenshot, atuluke, akasake Google Lens, app yotha kuwerenga QR pa chithunzi, ndi angati angapirire zonsezo? Pa foni ikani link kapena nambala, QR isiyireni pepala, katoni, chitseko ndi kauntala.

Tsopano za mavidiyo. Ine ndimakhulupirira kuti vidiyo ndi chida champhamvu kuposa china chilichonse chomwe wabizinezi wamng'ono wakhalapo nacho, kale kuti uoneke pa TV unkafunika ndalama zankhaninkhani, lero mayi wa kaunjika akutsegula belo pa Facebook Live, kudula zingwe anthu akuona, kukweza diresi imodzi imodzi nkumatchula saizi ndi mtengo, ma comment akungogwa kuti yanga imeneyo, ndisungireni. Alibe kamera yodula, wangoyang'ana kuwindo kuti kuwala kumumenye kumaso. Chomwe chikugulitsa ndi choti anthu akuona chinthu chenicheni m'manja mwa munthu weniweni akuyankhula Chichewa chomwe timayankhula tonse.

Ndiye ena mumayamba vidiyo ndi logo ikuzungulira masekondi khumi, munthu wadutsa kalekale. Onetsani katunduyo pomwepo poyamba. Lembaninso mawu pa sikirini poti ambiri timaonera foni ili pa silent, ku ntchito, pa mzere wa ku banki, usiku ana atagona. Ikhale yaifupi, ganizirani bandulo ya mnzanu. Ndipo nkhani ya mtengo ku inbox ija abale tiisiye, ine ndikaona choncho ndimaganiza kuti mtengo ukutengera nkhope ya wofunsa, ndipo sindili ndekha. Ndikudziwa zinthu zikukwera tsiku ndi tsiku ndipo mumaopa kuti vidiyo ikhala ndi mtengo wakale, chabwino, lembani deti pambali pake, Status nayo imafufutika yokha pakatha maola 24.

Chenjezo limodzi kwa tonse, akuba nawo anaphunzira, m'maiko ena amamata sitika yawo pamwamba pa QR yeniyeni kuti ndalama kapena ma password apite kwa iwo. A shopu muziyendetsa chala pa sitika yanu m'mawa uliwonse, ndipo ogula, tsamba lililonse lokufunsani PIN ya Airtel Money kapena Mpamba litsekeni pompo. Musanasindikize ma flyer 500, bwerekani foni yotchipa ya mnzanu, imani panja padzuwa, sikanani nokha muone ngati itsegule.

Makatani aja ndinakagula kwa mayi wina wa ku Ndirande yemwe ndinamuona pa Status ya mnzanga, kavidiyo ka masekondi 20, akutambasula nsalu pa chingwe cha zovala kuseri kwa nyumba, akunena mtengo wa mita imodzi ndi pomwe ungatsikire minibasi.