Netty si munthu, ndi chimbudzi

Abale anga a kuno ku England, ndiloleni ndilankhuleko mwina mtima ungatsike. Dzulo pa shifiti ya usiku kunyumba yosamalira okalamba komwe ndimagwira ntchito, agogo ena anandikoka dzanja n'kumati "netty, pet, netty". Ine ndi ulemu wanga wakwathu ndinathamangira pa rota, ndandanda wa ogwira ntchito, kukayang'ana kuti Netty akugwira mbali iti. Ndinafunsa mpaka kukhitchini. Pobwerera ndinapeza agogo aja atadzikodzera, akulira ndi manyazi. Netty ndi chimbudzi! Anzanga kuseka mpaka kugwira nthiti, abwana n'kulemba mu lipoti kuti vuto langa ndi chilankhulo.

Chilankhulo! Ine amene ndinakhoza Chingerezi pa MSCE, ndinalimapo chibalo ku sekondale chifukwa cholankhula Chichewa, ndinalipira mayeso a Chingerezi a IELTS ndalama zoti ndikanagulira mayi malata. Mu IELTS munalibe netty. Munalibe "howay", kutanthauza tiyeni, changu. Kuno ku Newcastle mwana ndi "bairn", chakudya ndi "scran", njala ikakupweteka umati "clamming", matope ndi "clarts". Tsiku lina wina anati ndine "canny". Dikishonale inandiuza kuti wochenjera, ndinakhala sabata yonse nditatupa kuti anditcha kathyali, pomwe mnzangayo ankatanthauza munthu wabwino. Nanga za "tea"? Anati ndikonze tea ya faifi koloko, ine ndinanyamula makapu okhaokha, anthu akudikira chakudya chamadzulo. "Dinner" ndi yamasana. Koma ine ndikangosokoneza L ndi R, onse "pardon, pardon", ngati ndalankhula Chilomwe.

Koma netty! Chimbudzi chenicheni, ine kumachifunafuna pa rota. Ndipo December yapitayi ndinali kumudzi ku Ntcheu kukonza Chizungu cha achimwene, ine yemweyu, mphunzitsi wa Chizungu wosadziwa pokodzera.

Agogo aja sanandikwiyire, mutu wawo suukumbukiranso zambiri. Nditawasambitsa n'kuwafunditsa, anandigwiranso dzanja n'kunena mawu awo a usiku uliwonse, "gan hyem". Amenewa ndiye sindinafunse munthu. Akufuna kupita kwawo, nyumba yoti inagulitsidwa kalekale. Mwana wanga wa zaka 7 nayenso wayamba kunena "hyem", ndipo iye amatanthauza kafulati kathu ka ku Gateshead. Lamlungu agogo ake anamufunsa pafoni kuti wadya chiyani, iye anandiyang'ana ine kuti ndimumasulire.