Khonde lokha lisiyeni chonde

Nkhani yanuyi yoti banjali lagula nyumba yakale ku Zomba ndiye likufuna kutseka khonde kuti pakhale bafa ndi kitchini yandikhudza. Abale khonde lija silokongoletsa chabe ayi, limatchinga mvula ndi dzuwa kuti zisamenye khoma, nde mukalitseka mkatimo muyamba kutentha chinyontho nacho chilowa. Zipinda zowonjezerazo mangani kumbuyo mulumikize ndi kakolido. Komanso nyumba zambiri zakale njerwa anamangira dothi kapena laimu, mukapaka pulasitala wa simenti madzi amatsekeredwa mkati khoma nkumafumbutuka pang'onopang'ono. Kaoneni Mandala House ku Blantyre, ya 1882 koma makonde ake alipobe. Ndipo musanathamangire matailosi onani kaye mitengo yakudenga ngati chiswe sichinadye, ndalama zambiri zithera kumeneko.