Akazi a Henry VIII sanalephere kanthu

Magazi andiwira. Munthu wamkulu ndithu, wopita kusukulu, akuti Catherine wa ku Aragon ndi Anne Boleyn analephera kuberekera Mfumu Henry VIII ya ku England mwana wamwamuna, ndiye zimene zinawagwera anaziputa okha. Analephera? Analephera chiyani?

Mkazi sasankha kuti abereke mnyamata kapena mtsikana. Mwana amatenga ma chromosome (tinthu ta m'maselo tonyamula chibadwa) 23 kwa mayi, 23 kwa bambo. Dzira la mayi limanyamula chromosome yotchedwa X nthawi zonse, lilibe china choti lipereke. Umuna wa bambo ndi umene umabwera ndi X kapena Y. Ikafika X, wabadwa mtsikana. Ikafika Y, mnyamata. Henry sankadziwa izi chifukwa sayansi yake inali isanatulukire, koma inu a lero mukudziwa, ndiye mukuimbiranji mlandu mkazi? Chala chimodzi sichiswa nsabwe.

Ndiponso n'bodza kuti Catherine sanabereke mnyamata. Anakwatiwa ndi Henry mu 1509. Pa 1 Januwale 1511 anabereka mwana wamwamuna, anamutcha Henry, dziko lonse linasangalala. Khandalo linangokhala masiku 52 n'kumwalira. Mayi ameneyu anatenga pakati kosachepera kasanu ndi kamodzi, amene anakula ndi mmodzi yekha, Mary, wobadwa mu 1516. Taganizani mayi woika m'manda ana ake mmodzimmodzi, wina n'kudzati "unalephera". Mu 1513 mwamuna wake ali kunkhondo ku France, ndi iye amene anasunga ufumu pamene asilikali a England anagonjetsa a Scotland ku Flodden. Malipiro ake? Patatha zaka pafupifupi 24 ali m'banja, mu 1533 anauzidwa kuti ukwati wake sunali ukwati, poti poyamba anakwatiwa ndi Arthur, mkulu wake wa Henry, yemwe anamwalira mu 1502. Papa Clement VII anakana kuthetsa banjalo, ndipo sizikanakhala zapafupi, poti Catherine anali mng'ono wa mayi ake a Charles V, mfumu imene asilikali ake anafunkha mzinda wa Rome mu 1527. Henry anangochotsa tchalitchi cha England m'manja mwa Papa. Catherine anamwalirira ku Kimbolton mu Januwale 1536, atamuletsa ngakhale kuonana ndi mwana wake Mary.

Nanga Anne, mkazi wachiwiri wa Henry? Anabereka Elizabeth pa 7 Seputembala 1533, mwana wathanzi bwinobwino. Mu Januwale 1536 anapita padera, ndipo mwanayo akuti anali wamwamuna. Miyezi inayi isanathe anali atamangidwa, akumunena za chigololo ndi amuna asanu, mmodzi mwa iwo mlongo wake weniweni George. Pa 19 Meyi 1536 anamudula mutu ndi lupanga ku Tower of London, wodulayo anachita kumuitanitsa kuchokera ku Calais. Elizabeth anali asanakwanitse zaka 3. M'mawa mwake Henry anatomera Jane Seymour, pa 30 Meyi ukwati. Masiku 11 okha! Magazi asanaume n'komwe. Ndiye wina aziti wolakwa ndi mkazi?

Jane ndiye mumati anakwanitsa. Anabereka Edward pa 12 Okutobala 1537 atavutika masiku awiri ndi usiku utatu, ndipo patangopita masiku 12 iye anamwalira. Kukwanitsa kwake n'kumeneko, manda. Edward yemweyo anamwalira mu 1553 ali ndi zaka 15, wopanda mwana. Mary, amene anamuyesa wapathengo, anakhala pampando zaka 5. Elizabeth, mwana wa mkazi wodulidwa mutu uja, analamulira kuyambira 1558 mpaka 1603, zaka 44. Ana aakazi amene bambo awo anawapeputsa ndi amene anasenza ufumuwo. Amayi awo sanalephere. Ndikubwerezanso, sanalephere. Anaberekera munthu wosayamika, basi.

Chimene chimandipsetsanso mtima n'chakuti maganizo omwewa anakhalitsa m'malamulo a Britain mpaka dzulodzuloli. Lamulo loti mnyamata azidumpha mlongo wake wamkulu pamzere wolowa ufumu analisintha mu 2013, ndipo kusinthako kumakhudza okhawo obadwa pambuyo pa 28 Okutobala 2011. N'chifukwa chake Charlotte, mwana wa Kalonga William wobadwa mu 2015, sanadumphidwe ndi mlongo wake Louis wa 2018. Koma Anne, mwana wa Mfumukazi Elizabeth II, anabadwa mu 1950, ndipo mpaka lero ali kumbuyo kwa alongo ake aang'ono, Andrew wa 1960 ndi Edward wa 1964, pamodzi ndi ana awo onse.