Masiteshoni a kanema achuluka, koma kamera idakatsatirabe galimoto ya bwana

Anthu ambiri akamakamba za wailesi ya kanema m'dziko muno amathamangira kunena kuti tinachedwa kuyamba, ndipo akatero amaona ngati afotokoza zonse. Kuchedwako n'koona ndithu, chifukwa Television Malawi, imene tinkangoitchula kuti TVM, inayamba kuonetsa zithunzi pa 1 Epulo 1999, patapita zaka pafupifupi 35 chilandirireni ufulu wodzilamulira. Koma ine poiyang'ana nkhaniyi ndili kuno ku Mchinji, ndikuona kuti kuchedwa si ndiwo matenda athu aakulu. Chimene chatipweteka n'chakuti kanema wathu anabadwira m'manja mwa andale ndiponso m'mizinda, ndipo ngakhale lero masiteshoni ali mbwee, kamera sinasiye chizolowezi chake chofika kumudzi pokhapokha kukabwera nduna kapena kukagwa tsoka.

Anzathu otizungulira anatitsogolera kutali. Ku Southern Rhodesia, kumene lero ndi ku Zimbabwe, kanema anayamba mu 1960, ndipo mu 1961 anafika ku Kitwe, kumigodi ya ku Zambia. Komabe si dziko lililonse lochedwa limene linachedwa chifukwa cha umphawi. South Africa, ndi chuma chake chonsecho, inadikira mpaka 1976, chifukwa boma la tsankho linkaopa kuti anthu aona zimene silinkafuna kuti aone. Botswana inatsegula siteshoni yake ya boma mu 2000, ife titayamba kale. Choncho chaka choyambira pachokha sichitiuza zambiri. Chofunika kufunsa n'chakuti amene anagwira chiwongolero anali ndani, ndipo ankafuna kuti anthu aone chiyani.

M'nthawi ya Dr. Kamuzu Banda tinali ndi wailesi imodzi yokha, MBC, imene inakhazikitsidwa mu 1964, ndipo kuyambira mu 1968 panali lamulo lopatsa mphamvu bungwe la boma kuti lizisefa mabuku, nyimbo ndi mafilimu anthu asanazione. Ndikufuna kuchita chilungamo pa mfundo iyi: panali zifukwa zomveka zoikira mtima pa wailesi ya mawu, popeza magetsi anali m'malo owerengeka, pomwe kawailesi ka mabatire kankafika mpaka kudimba. Komanso si kuti boma silinkadziwa mphamvu ya chithunzi. Achikulire akukumbukira magalimoto achikasu a unduna wa zamalimidwe amene ankazungulira m'midzi madzulo, n'kumaonetsa kanema wa kalimidwe ka chimanga, mtedza ndi fodya pabwalo la sukulu. Boma linkachifuna chithunzi, koma chithunzi chimene lasankha lokha, chobwera pa tsiku limene lakonza, n'kuchokanso usiku womwewo. Bokosi lokhala m'nyumba ya munthu tsiku ndi tsiku linali nkhani ina.

Ife a m'malire ndi Zambia tinali ndi mwayi umene anzathu a ku Dedza kapena ku Ntchisi analibe. Mabanja ochepa a pa Boma amene anali ndi TV ankaimika mlongoti wautali pamwamba pa nyumba, n'kuulozetsa cha ku Chipata kuti akoke kanema wa ku Zambia, ndipo chinenero sichinkavuta popeza Chinyanja cha tsidya lija ndi chathu chomwe. Chakumapeto kwa 1991, pamene Kenneth Kaunda anagonja pa chisankho kwa Frederick Chiluba n'kutula pansi udindo mwamtendere, anthu a kuno anaimva nkhaniyo msanga kudzera pa wailesi ndi kanema wa anansi athuwo, miyezi ingapo kalata ya maepiskopi a Katolika ya mu Malichi 1992 isanawerengedwe m'matchalitchi. Sindikunena kuti mlongoti ndiwo unabweretsa ndale za zipani zambiri. Ndikungoti amene ankaopa kanema ankadziwa chimene ankaopa.

Itadutsa riferendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994, zitseko zinayamba kutseguka. Lamulo la zofalitsa mauthenga la 1998 linakhazikitsa MACRA, bungwe lopereka ziphaso ndi kuyang'anira nyumba zoulutsira mawu, ndipo mawailesi a mawu oima paokha anayamba kumveka motsatizana. Koma pa kanema boma linagwiritsitsa. TVM inatsegulidwa mu ulamuliro wa Dr. Bakili Muluzi, chisankho cha 1999 chili pafupi, ndipo kwa zaka zingapo inalibe mnzake wopikisana naye m'dziko muno. Amene tinaonera nkhani za madzulo masiku amenewo tikukumbukira dongosolo lake: kuyamba ndi mtsogoleri wa dziko, kenaka nduna ikutsegula msonkhano kuhotela, kenaka nduna ina ikudula riboni, ndipo wotsutsa boma ankaoneka makamaka pa tsiku limene walowa chipani cholamula. Atolankhani aluso analipo, ndipo ena mwa iwo ndi amene anadzakhala mizati ya masiteshoni oima paokha, koma manja awo anali omangika.

Zinthu ziwiri zimene zinachitikira m'Nyumba ya Malamulo zikuonetsa bwino momwe andale ankamuonera kanemayu. Mu 2003 aphungu anagwirizana zoti TVM isiye kuonetsa pulogalamu ya Big Brother Africa ponena kuti ikuononga chikhalidwe, koma bwalo lalikulu la milandu linathetsa chiletsocho. Munthu angathe kudana nayo pulogalamuyo, ndipo inenso sindinkaikonda, koma chimene aphunguwo anachita chinali chizolowezi chakale chija chosankhira akuluakulu anzawo zoti aone. Mu 2007, aphungu otsutsa amene anali ochuluka m'nyumbayo anapatsa MBC ndi TVM K1 yokha aliyense mu ndondomeko ya zachuma, podandaula kuti nyumba ziwirizi zasanduka zida za chipani cholamula. Dandaulo lawo linali loona, koma chodabwitsa n'chakuti ambiri mwa odandaulawo anali omwe aja amene ankasangalala ndi kamera yomweyo pamene iwo anali m'boma. Pambuyo pake, mu ulamuliro wa Bingu wa Mutharika, TVM inaphatikizidwa ndi MBC n'kukhala MBC TV. Dzina linasintha, koma chipani chilichonse chikakhala kotsutsa chimalonjeza kuti chidzaimasula MBC, ndipo chikangolowa m'boma lonjezolo limazilala.

Kusintha kwenikweni kunadza ndi masiteshoni oima paokha, ndipo apa ndiyenera kuyamikira. Luntha TV ya ansembe a Montfort ku Balaka inaonetsa kuti siteshoni ikhoza kukhala kunja kwa Blantyre ndi Lilongwe. Ziphaso zambiri zitaperekedwa m'nthawi ya Dr. Joyce Banda, kunabwera Times TV, Zodiak TV, Mibawa ndi ena ambiri, kuphatikizapo a mipingo ndi a Chisilamu. Kwa nthawi yoyamba tinaona nduna ikufunsidwa funso lovuta pamaso pa dziko, ikutuluka thukuta, wofunsayo osagwetsa nkhope. Pa zionetsero za 2019 ndi pa nthawi ya mlandu wa chisankho umene chigamulo chake chinaperekedwa pa 3 Febuluwale 2020, munthu ankatha kusintha tchanelo n'kufananiza zimene akuuzidwa. Mwana wobadwa mu 2005 amaona ngati zimenezi n'zachibadwidwe, koma bambo ake akudziwa kuti si mmene zinalili.

Kenaka panabwera kusamuka kuchoka pa kaulutsidwe kakale kupita pa dijito, potsatira mgwirizano wa mayiko umene unaika 17 Juni 2015 ngati tsiku lomalizira. Ubwino wake ndi wakuti malo a m'mlengalenga amene kale ankanyamula tchanelo imodzi tsopano amanyamula matchanelo angapo, ndipo siteshoni yatsopano sifunikanso kumanga nsanja zakezake m'mapiri, chifukwa kampani ya boma ya MDBNL ndiyo imanyamula zithunzi za onse n'kuzifikitsa kwa anthu kudzera pa dikoda ya Kiliye Kiliye. N'chifukwa chake masiteshoni anachuluka mofulumira. Koma kwa banja la kumudzi, dikoda inangokhala chinthu chinanso chofuna ndalama pamwamba pa TV yeniyeniyo, sola ndi batire.

Apa ndiye pagona nkhani yanga. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa mabanja 100 alionse m'dziko muno, pafupifupi 12 okha ndiwo anali ndi TV, ndipo ogwiritsa ntchito magetsi powunikira anali pafupifupi 11. Kumidzi chiwerengerocho chinali chotsika koposa. Tanthauzo lake n'lakuti munthu wa kwa Mkanda, ku Kapiri kapena ku Waliranji nthawi zambiri amaonera kanema mu vidiyo sho ya pamsika, atalipira pakhomo, atakhala pa benchi, jenereta ikulira kuseri. Ndipo mukalowa mu vidiyo sho pa Kamwendo tsiku la msika, kawirikawiri simupezamo siteshoni ya kuno kwathu. Mupezamo mpira wa ku England, kapena filimu yakunja imene anyamata aluso aimasulira m'Chichewa mwanthabwala. Ena amawanyoza anyamata omasulirawa, koma kwa ine iwo anatulukira chinthu chimene mabwana a masiteshoni akuchedwa kuchimvetsa: munthu wa kumudzi ndi wokonzeka kutulutsa ndalama yake kuti aonere chinthu chomusangalatsa m'chinenero chake. Ngati salipira kuti aonere masiteshoni athu, n'chifukwa chakuti sadzipezamo. Amapezamo anthu ovala masuti atakhala pa sofa mu situdiyo ku Blantyre, akukambirana za umphawi wake m'Chingerezi.

Sindikufuna kuwaunjikira mlandu wonse atolankhani, chifukwa gwero la vutoli ndi ndalama. Otsatsa malonda akuluakulu m'dziko muno ndi owerengeka: makampani a mafoni, mabanki, boma lenilenilo ndi mabungwe, ndipo masiteshoni onsewa akulimbirana mphika umodzi womwewo. Siteshoni ikasowa ndalama imagulitsa maola ake kwa aliyense amene angalipire, n'chifukwa chake tsiku limadzaza ndi maulaliki, mapulogalamu a mabungwe ndi nyimbo zobwerezabwereza. Kutumiza mtolankhani ndi wojambula kuchokera ku Lilongwe kudzafika kwa Mavwere kumafuna mafuta, ndipo amene amakhala ndi mafutawo ndi nduna kapena bungwe lokonza mwambo. Mtolankhani amakwera galimoto yawo, amadya chakudya chawo, mwinanso amalandira chipondamthengo pobwerera. Munthu wotere tingamuyembekezere bwanji kuti atembenuze kamera n'kujambula mjigo wothyoka umene uli kuseri kwa tenti?

Zipangizo zonse za kanema zimagulidwa kunja, ndipo ndalama za chiphaso zakhala zikuwerengedwa m'madola, pomwe siteshoni imapeza makwacha. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mu 2022 MACRA inalanda ziphaso za nyumba zingapo, kuphatikizapo Rainbow TV, chifukwa cha ngongole za ziphasozo. Ngongole iyenera kubwezedwa, zimenezo sindikutsutsa, koma siteshoni iliyonse imene yatsekedwa ndi achinyamata angapo ochotsedwa ntchito ndiponso liwu limodzi lozimitsidwa. Ndipo taonani kumene kunali mtima wathu: pamene MultiChoice inalengeza mu Ogasiti 2023 kuti ikuchotsa DStv m'dziko muno chifukwa cha mkangano wa mitengo ndi MACRA, phokoso pa Facebook linali lalikulu kuposa limene tinachita masiteshoni athuathu akutsekedwa. Mkanganowo utatha DStv inabwerera, ndipo tinapuma ngati nkhani ya kanema yatha.

Chonsecho nkhani zoti zijambulidwe kuno zilipo zambiri. Mchinji ndi nkhokwe ya mtedza, soya ndi chimanga, ndipo chaka chilichonse alimi amalira ndi masikelo a mavenda ndi mitengo yotsika kuposa imene boma lalengeza. Pulogalamu ya theka la ola pa sabata yoonetsa mitengo yeniyeni ya pa Kamwendo, kwa Mkanda ndi ku Kapiri, ndiponso yoonetsa ndi maso momwe mlimi angaumitsire mtedza kuti usagwidwe chuku, ikhoza kuoneredwa ndi mudzi wonse. Pali malonda a pachipata cha Mchinji ndi Mwami, ndi amayi amene amawoloka ndi katundu tsiku ndi tsiku. Pali misonkhano ya khonsolo, kumene kumagawidwa ndalama za chitukuko popanda diso la eni ake. Ngakhale mwambo wa Kulamba ku Mkaika, kwa Kalonga Gawa Undi, umene Achewa a kuno amapitako mwaunyinji mu Ogasiti, kamera zikafikako zimathera nthawi yambiri pa alendo olemekezeka kusiyana ndi pa magule ndi anthu amene ayenda mtunda wautali. Wailesi ya Mudzi Wathu ya kuno ku Mchinji yatisonyeza kale kuti anthu amatchera khutu akamamva mayina a midzi yawo ndi mawu a anthu amene amawadziwa.

Masiku ano chodzikhululukira cha mafuta chikuchepa mphamvu, chifukwa foni yabwino imajambula zithunzi zoti zikhoza kuonetsedwa pa kanema, ndipo achinyamata a pa Boma pano akuchita kale zimenezi pa masamba awo a Facebook ndi YouTube popanda wowalipira. Chimene ndikanakonda n'chakuti MACRA, m'malo mongowerenga masiteshoni amene yawapatsa ziphaso, izichepetsera ndalama za chiphaso siteshoni iliyonse imene ili ndi mtolankhani wokhazikika m'maboma ndipo imapatula maola odziwika pa sabata oonetsa zojambulidwa kunja kwa mizinda inayi ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba. Ndalamazo ziziwerengedwanso m'makwacha. Kunena za MBC TV, imene imayendera misonkho ya mlimi wa kwa Dambe mofanana ndi ya wamalonda wa ku Limbe, akuluakulu ake asamadalire chisomo cha amene ali m'boma kuti akhalebe pa ntchito, ndipo malipoti ake a chaka ndi chaka ku Nyumba ya Malamulo azisonyeza poyera maola amene boma lililonse mwa maboma 28 a dziko lino laonekera pa kanemayo.