Low-level format si mankhwala a hard disk yodwala

Dzulo wina wandifunsa ngati low-level format ingawononge hard disk yake yakale. Ndamuyankha, koma ndati ndilembenso pano, chifukwa dzinali limasokoneza ngakhale okonza makompyuta amene.

Low-level format yeniyeni inatha kalekale. Inali ya ma disk a m'ma 1980, a mitundu yotchedwa MFM ndi RLL, monga Seagate ST-225 ya 20 MB. Pa ma disk amenewo mwiniwake ankajambula yekha mizere ndi ma sector (tizigawo ta disk tosungamo zinthu), nthawi zambiri polemba lamulo lakuti g=c800:5 mu DEBUG, pulogalamu ya mu DOS imene inkayendetsa makompyuta a nthawiyo. Disk ikakalamba, mutu wowerenga unkaphonya mizere, ndiye kujambulanso kunkathandizadi. Atabwera ma disk a mtundu wotsatira, otchedwa IDE, mizere ija inayamba kulembedwa kufakitale ndi makina apadera. Ngozi yoona ili pamenepa: ngati mukusungabe kompyuta yakale ya 386 kapena 486 ndipo mu BIOS mwake (menyu yotsegulidwa kompyuta ikangoyaka) muli low-level format, musayerekeze. Ma IDE ena oyambirira ankaferatu nayo.

Zimene mapulogalamu a lero amatcha low-level format ndi kungolemba ziro pa disk yonse, basi. Ndi zomwezo zimene lamulo la clean all la mu diskpart (pulogalamu ya mu Windows yokonzera ma disk) limachita, ndipo kuyambira pa Windows Vista, format yonse, osati ya quick ija, imalembanso ziro. Disk yabwinobwino siivulala nazo. Mafayilo okha ndiye amapita osabweranso.

Chimene chimandinyansa ine ndi pamene disk ikugogoda, ikuchedwa kutsegula, wina n'kumati "tingoipanga low-level, ichira". Ichira bwanji? Kulemba ziro pa 500 GB kumatenga ola kapena kupitirira, disk ikugwira ntchito osapuma. Kuli ngati kupatsa khasu munthu wa malungo kuti akalime atuluke thukuta. N'zoona kuti ma sector okayikitsa akalembedwanso, disk imawasiya n'kutenga ena osungira, ndiye kwa kanthawi imaoneka ngati yachira. Apa ogula makompyuta a kaunjika chenjerani, wogulitsa wachinyengo angakupusitseni nazo mosavuta.

Ine ndimayamba ndatsegula pulogalamu ya CrystalDiskInfo n'kuona manambala awiri a SMART, mbiri ya thanzi imene disk imadzisungira yokha: 05, ma sector osinthidwa kale, ndi C5, okayikitsa amene akudikira kusinthidwa. Akakhala pa ziro, lembani ziro zanuzo mtima uli m'malo, makamaka ngati mukugulitsa kompyutayo ndipo simukufuna wogula aone za m'kati. Akamakwera tsiku ndi tsiku, koperani kaye zithunzi za ukwati ndi mapepala a kusukulu, disk imeneyo mukatsale nayo ngati chopsinjira mapepala patebulo.